"Anadwala nthawi yaitali": zomwe zimabisala m'mbiri ya malemu

Pamaliro alionse pamafika nthawi imene woyendetsa mwambo amati, "Tsopano timve mbiri ya malemu." Amaimirira munthu wa kubanja, kawirikawiri mng'ono wawo wa malemu kapena mwana wa mlongo wawo, atagwira pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu. Amawerenga mwachangu, mawu akunjenjemera: anabadwa chaka chakuti m'mudzi mwa akuti, mfumu yaikulu yakuti, sukulu anayambira pakuti, anagwira ntchito kwakuti, anamanga banja chaka chakuti, asiya mkazi, ana asanu ndi zidzukulu 12. Kenako umabwera mzere womwe tonse timaudziwa pamtima: "Malemu anadwala nthawi yaitali. Tinayesetsa kuthamanga nawo m'zipatala zosiyanasiyana, koma Mulungu wawakonda koposa." Azimayi amene akhala pansi mozungulira bokosi amabuula, ndipo mwambo umapita kwa amfumu.

Mzere umenewu ndinaulembapo ndi dzanja langa, usiku pasiwa, ndikuunikira ndi tochi ya foni, pamaliro a malume anga. Miyezi 9 ya matenda awo ndinaipinda n'kuilowetsa m'mawu atatu. Panthawiyo ndinkaona kuti ndachita ulemu. Lero ndimaona kuti miyezi imene timaibisa ija ndiyo imaumba chithunzi chimene ana ndi mkazi amatsala nacho. Bambo amene anamwalira akubuula ndi ululu, osadziwa chimene chikumudya, atasiya zinthu zili balala, banja limavutika kumukumbukira ali wamphamvu. Likatseka maso limangoona mphasa ndi beseni. Choncho chikumbutso cha munthu wodwala matenda osachiritsika chimayamba kukonzedwa iye akadali ndi mpweya, ndipo pali zinthu zenizeni zimene zimachititsa kuti chikome kapena chiwawe.

Matenda amene sitiwatchula dzina

Kwa zaka zambiri, mawu oti "nthawi yaitali" ankamveka ngati dzina lina la Edzi. Anthu ankangoyang'anizana pamaliro, nkhani yeniyeni n'kukakambidwa pobwerera. Atsogoleri ena anayesa kuphwanya chete ameneyu: mu 1987 Kenneth Kaunda, pulezidenti wa Zambia panthawiyo, anauza dziko kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi, ndipo mu 2004 Bakili Muluzi ananena poyera zomwezo za mchimwene wake. Chaka chomwecho cha 2004 ndi pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'Malawi, ndipo pang'onopang'ono kachilombo kanasiya kukhala chiweruzo cha imfa. Koma chizolowezi chosatchula matenda chinatsala, ndipo tsopano chikuphimba khansa, matenda a impso, a chiwindi ndi a mtima.

Pakati pa abambo kuno kwathu, khansa zitatu zimamveka kawirikawiri. Pali Kaposi, imene imaonekera ndi zigamba zakuda pakhungu ndi kutupa miyendo, ndipo imayenda kwambiri ndi HIV. Pali ya prostate, kachiwalo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo cha mwamuna, yomwe imayamba ndi kuvutika pokodza ndipo ikakula imafalikira m'mafupa. Ndiye pali ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko omwe imapezeka kwambiri padziko lonse. Iyi ndi imene inatenga malume anga, ndipo kayendedwe kake n'kochititsa chisoni chifukwa kamabisala m'zinthu za tsiku ndi tsiku. Munthu amayamba kunena kuti nsima ikumutsamwa. Amapempha kuti ikhale yofewa. Kenako amasiya nsima n'kumadya phala, phalalo n'kusanduka lamadzimadzi, mpaka tsiku lina ngakhale tiyi amabwerera. Pofika pamenepo lamba waboolapo mabowo ena awiri.

Ambiri amafika kuchipatala chachikulu matenda atapita kale patali, ndipo si chifukwa cha umbuli monga ena amanenera. Bambo wa pakhomo sagona chifukwa cha kupweteka pang'ono. Amagula mapilitsi pagolosale n'kupita kumunda. Akapita kuchipatala chaching'ono amalandira mankhwala a zilonda za m'mimba, chifukwa zizindikiro zimafanana. Kuti atumizidwe kuchipatala cha boma, kuchoka apo kupita kuchipatala chachikulu, kukapimidwa, kudulidwa kanyama n'kudikira zotsatira, pamadutsa miyezi, ndipo ulendo uliwonse ukufuna ndalama ya minibasi ya anthu awiri. Pakati pa maulendowa pamalowa asing'anga ndi mapemphero a usiku wonse. Sindikunyoza banja limene limapita kumeneko. Munthu ukaona kholo lako likutha umagwira paliponse. Chimene chimandiwawa n'chakuti kumeneko nthawi zambiri kumatuluka dzina la "wolodza", ndipo dzinalo limakhala la mbale. Munthu amakamwalira ndi chotupa cha kummero, koma mbumba n'kutsala yogawikana kwa zaka.

"Adokotala, musawauze"

Dokotala akaitanira abale pambali n'kunena kuti matendawa afika posachizika, pempho loyamba limakhala limodzi pafupifupi paliponse: musawauze, angataye mtima. Ifenso tinatero. Pachikhalidwe chathu kulankhula za imfa ya munthu wamoyo kumamveka ngati kuiitana, ndipo mwana sangayambe nkhani yotere kwa kholo lake. Ndiye pakhomo pamayamba sewero. Alendo amati, "Mukuoneka bwinotu lero, achimwene, posachedwa mudzuka." Wodwala amavomera ndi mutu. Mkazi amakalirira kuseri kwa nkhokwe n'kubwera atasamba kumaso.

Koma wodwala amadziwa. Thupi ndi lake. Amaona kuti kuchipatala amubweza ndi mankhwala ochepetsa ululu okha, amaona mwana wa ku Joni wabwera mwadzidzidzi pakati pa chaka. Chimene chete uja amachita n'kumusiya yekha ndi mantha ake, chifukwa nayenso amayamba kunamizira pofuna kuteteza ana. Anamwino ozolowera ntchito imeneyi sagwetsa nkhani ngati mwala. Amayamba ndi kufunsa wodwalayo kuti iye akuona bwanji za matenda ake, ndiponso kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji. Ena amati, "Kambani ndi mwana wanga wamkulu," ndipo zimenezo zimalemekezedwa. Ambiri amati, "Ndiuzeni zoona." Malume anga anachita kutifunsa okha madzulo ena, atakhala pakhonde chofunda chili m'mapewa: "Kodi inu mukuganiza kuti ine ndine mwana?" Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munapepuka. Anayamba kuitanitsa anthu mmodzimmodzi.

Ululu uli ndi mankhwala

Pali nthambi ya zachipatala imene ntchito yake n'kusamalira munthu amene matenda ake sangachire. Madokotala amaitcha palliative care. Mawu akuti "palibenso chimene tingachite" saloledwa kumeneko, chifukwa chotupa chikakanika kuchotsedwa, ululu, kusanza, befu, zilonda ndi nkhawa zimathekabe kuchepetsedwa. Nzeru zake zamakono zinakhazikika ku London mu 1967, pamene Cicely Saunders, yemwe anali namwino asanakhale dokotala, anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamalira odwala matenda osachiritsika. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akuyandikira imfa suli m'thupi mokha: uli m'maganizo, m'nkhawa ya ana ndi ngongole, ndiponso mumzimu. Mu Africa muno, Island Hospice inayamba ku Harare mu 1979, ndipo mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala. Kumeneko n'kumene kunafalikira njira yotsika mtengo yosungunula ufa wa mofini, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, m'madzi kuti wodwala azimwa ali kunyumba kwake, osafunikira jakisoni.

Kuno kwathu ntchitoyi inakula m'zaka za m'ma 2000, mliri wa Edzi utadzaza mawodi. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali makiliniki awiri a chisamalirochi: Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana. Ku Salima kuli kiliniki yotchedwa Ndi Moyo, imene anaiyambitsa namwino wa kuno kwathu, Lucy Finch. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo lero zipatala za m'maboma ndi zambiri za mishoni zili ndi anamwino kapena madokotala ophunzira chisamaliro chimenechi. Mu 2014 msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO unagwirizana kuti mayiko aziika chisamalirochi m'kati mwa ntchito za umoyo za masiku onse. Vuto n'lakuti mabanja ambiri sadziwa kuti angathe kuchipempha. Amatuluka m'chipatala atamva kuti "mupite nawo kunyumba", n'kumaganiza kuti atayidwa.

Mofini anthu amamuopa. Amati ndi mankhwala omalizitsa munthu, kapena kuti wodwala azolowera ngati chamba. Mantha amenewa amabwera chifukwa ambiri amapatsidwa mofini mochedwa kwambiri, masiku awiri imfa isanafike, ndiye abale amalumikiza ziwirizo. Akaperekedwa pamlingo woyenera, kuyambira pang'ono n'kumakweza malinga ndi ululu, safupikitsa moyo. Madokotala amakwera makwerero: amayamba ndi panado, akalephera amapita ku mankhwala apakati monga codeine, kenako mofini. Wamadzi uja amamwedwa maola anayi alionse, ululu usanabwerere, osati kudikira kuti munthu ayambe kukuwa. Amamanga m'mimba, choncho amayenda limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndipo masiku oyamba amatha kugonetsa kapena kuchititsa nseru. Kwathu botolo linkakhala pawindo, pambali pake sirinji yopanda singano yoyezera, ndi pepala limene azakhali ankachongapo nthawi: 6 koloko, 10 koloko, 2 koloko. Sabata yoyamba imene malume anagona tulo mpaka tambala kulira, anadzuka n'kufunsa ngati feteleza wachiwiri wathiridwa. Munthu uja anabwerera. Ndipo zambiri zimene timawakumbukira nazo lero ananena m'masabata amenewo.

Wodwazika

M'mbiri ya malemu simumveka dzina la amene anadwazika. Kuchipatala amatchedwa gadiyani: amagona pansi pa bedi kapena pakhonde, amaphika pamafuwa kukhitchini ya magadiyani, amachapa, amathamangira namwino dripi ikatha. Kunyumba ntchito imakula. Wodwala matenda a mgonagona amafunika kutembenuzidwa pafupipafupi, pafupifupi maola awiri alionse, kuti asachite zilonda m'chiuno ndi kumsana; amafunika kutsukidwa m'kamwa, kusinthidwa zofunda, kunyamulidwa. Kawirikawiri zonsezi zimagwera mkazi, amene nayenso ndi wachikulire, kapena mtsikana amene amasiyira sukulu panjira. Palinso nkhani ya ulemu imene mabuku achipatala saidziwa bwino: mwana wamkazi sangasambitse bambo ake, mpongozi sangalowe kuchipinda. Pamafunika mwamuna, mng'ono kapena mwana wa mlongo, woti adzipereke. Pakasowa woteroyo, mayi amatsala yekha ndi thupi lolemera kuposa mphamvu zake.

Amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati ndi magulu a kumzikiti amathandiza kwambiri: amabwera ndi nkhuni, madzi, ufa, nyimbo. Abale a kutali amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Koma pano ndinene mosabisa chimene ndachiona kangapo. Ndalama imene imavuta kusonkha munthu akudwala imapezeka tsiku limodzi akamwalira. Pagulu la WhatsApp la banja, pempho la ndalama ya thiransipoti yokatenga mankhwala limakhala masiku atatu osayankhidwa. Uthenga wa maliro ukangofika, bokosi lapamwamba, nkhata ndi nsalu yofanana zimalipiridwa dzuwa lisanalowe. Maliro n'kulirana, inde, ndipo palibe amene amafuna kuchita manyazi pamudzi. Koma theka la mtengo wa bokosi lija likanagula matiresi, matewera a akuluakulu ndi mkaka kwa miyezi ingapo, malemu akanaziona ndi maso awo.

Kukonza pakhomo

Bambo akadziwa kuti nthawi yafupika, amapeza mpata wochita chinthu chimene imfa yadzidzidzi sipereka: kukonza za m'mbuyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linasintha zambiri. Limati munthu akamwalira wosasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankadalira iye, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wilo siifuna chuma chambiri kapena Chingerezi chozama. Iyenera kulembedwa, mwini wake n'kusaina pamaso pa mboni zosachepera ziwiri zimene nazonso zimasaina, ndipo ndi nzeru kuti mbonizo zisakhale zolandira nawo chumacho. Amene anali pantchito ayenera kuonanso mayina amene analembetsa ku penshoni, chifukwa ena analemba makolo awo ali anyamata n'kuiwala kusintha atakwatira. Akamwalira, chikalata cha imfa n'chimene chimatsegula zitseko ku banki ndi ku penshoni, choncho chisazengerezedwe.

Lamulo lili apo, koma kumudzi mawu a mwini wake onenedwa pamaso pa ankhoswe ndi amfumu amalemerabe. Kumene anthu amatsata mwambo wa chikamwini, bambo amakhala mlendo pamudzi wa mkazi wake, pomwe kwawo ndi mwini mbumba wa ana a alongo ake. Akamwalira, mbali ziwirizi zimatha kukokana: ana akuti nyumba ndi ya bambo athu, akuchimuna akuti njinga, ng'ombe ndi malata ndi za m'bale wathu. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, mantha a mayi wamasiye amakhala oti athamangitsidwa pamunda. Mikangano yotere imaphulika tsiku losesa, maliro ataikidwa dzulo lake, ndipo imadetsa dzina la munthu amene sangathenso kudziyankhira. Malume anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri akadali ndi mawu. Ananena za munda wa kudimba, za ngongole imene anali nayo kwa mnzawo wa kutchalitchi, ndi za mwana wina amene anabereka asanakwatire, yemwe ena a ife sitinkamudziwa. Zinawawa tsiku limenelo. Koma mwanayo anabwera, anawaona ali moyo, ndipo pamaliro anakhala pamodzi ndi abale ake, osati kumbuyo kwa khamu.

Mwambo umatipatsa nthawi

Makolo athu sankayembekezera kuti chisoni chithe tsiku loika. Masamba amaikidwa pamsewu, amfumu amauzidwa, adzukulu amapita kukakumba, anthu amagona pasiwa akuimba mpaka kucha. Pambuyo pake pamabwera kumeta, kenako kusudzula wamasiye kuti akhale womasuka, ndipo patapita chaka kapena kuposerapo, kumanga ndi kuvundukula chiliza. Asilamu amaika mwachangu n'kudzasonkhananso pa sadaka ya masiku 40. Akatolika amaperekera misa, ndipo pa 2 November amakumbukira onse amene anatsogola. Masitepe onsewa amapatsa banja mwayi wokumana kangapo, misozi ikucheperachepera, nkhani zikuchulukirachulukira.

Kwa banja limene ladwazika nthawi yaitali, nthawi imeneyi ndi yofunika mwapadera. Masabata oyamba, chimene chimabwera m'maso ndi nkhope yowonda ija. Ena amamva kupepukidwa kuti mavuto atha, kenako n'kudziimba mlandu chifukwa cha kupepukidwako. Zimenezi zimachitikira anthu ambiri amene anakonda ndi mtima wonse, ndipo wamasiye akazinena asadzudzulidwe. Nkhope yakale, ya munthu wonenepa akuseka paukwati wa mwana wake, imabwerera pang'onopang'ono, ndipo imabwerera msanga pakakhala zoikoka: chithunzi, mawu ojambulidwa, nkhani za anzake. Ku Uganda, m'zaka za m'ma 1990, amayi amene anali ndi HIV anayamba kulemba mabuku a chikumbutso osiyira ana awo, ofotokoza kumene anachokera, mayina a makolo, zimene ankakonda ndi malangizo awo. Lero foni iliyonse ingagwire ntchito imeneyo. Chofunika n'kuyamba wodwala akadali ndi mphamvu yolankhula, ndi kumufunsa mafunso amene amamupatsa ulemu wa mphunzitsi: munakumana bwanji ndi amayi? Dzina lathu la mfunda linachokera kuti? Malire a munda uja amadutsa pati?

Ana asabisiridwe zonsezi. Mwana amene wauzidwa kuti agogo apita kutali amadikira pamsewu. Amene analoledwa kulowa, kuwapatsira madzi ndi kumva mawu osavuta akuti agogo akudwala matenda amene sachira, amalira, koma sasokonezeka.

Nanga mbiri yeniyeniyo? Kutchula matenda kapena kusatchula ndi ufulu wa banja, ndipo ngati malemu ananena maganizo awo, atsatidwe. Ine ndimaona kuti kutchula kumathandiza amoyo. Pakhamu paja pamakhala bambo wina amene nsima yayamba kumutsamwa, ndipo akamva dzina la matenda ndi mmene anayambira, mwina Lolemba adzapita kuchipatala. Kutchula kumatsekanso pakamwa pa onong'ona za ufiti. Koma matendawo asatenge malo a munthu. Zaka 60 za moyo zisamizidwe ndi miyezi 9. Ndipo mndandanda wa masukulu ndi malo a ntchito si munthu. Munthu ali m'zinthu zimene ankachita ndi manja ake ndi zimene ankakonda kunena.

Tsiku lovundukula chiliza cha malume, patatha chaka ndi miyezi iwiri, tinawerenganso mbiri, koma ulendo uno tinagawana. Mwana wawo wamkulu anafotokoza mmene ankamuperekezera kusukulu panjinga nthawi ya mvula, iye atakhala pakaliyala atafunda thumba la feteleza. Mnzawo wa kutchalitchi uja anaimirira n'kunena kuti ngongole inabwezedwa yonse iwo asanatseke maso. Ine ndinatchula dzina la matenda, ndi mayina a anthu atatu amene anawasambitsa ndi kuwatembenuza usiku. Kenako mdzukulu wina anatulutsa foni n'kuika pafupi ndi chimkuzamawu cha tchalitchi. Munamveka chifuwa kaye, kenako mawu otsika, okokera, akufotokoza kuti malire a kudimba amayambira pamtengo wa mkuyu n'kutsika ndi ngalande mpaka pachulu, ndipo kuti nthochi za m'mphepetezo ndi za aliyense wodutsa amene ali ndi njala. Azakhali, amene anakhala chete tsiku lonse, anaseka n'kunena kuti, "Mkuyuwo anadzala ndine, iwo ankangonena kuti ndi wawo."